Boti la aluminiyamu likayamba kulowa madzi

Ambirife a m'mbali mwa nyanja tinakula ndi bwato komanso boti la matabwa. Zikayamba kulowa madzi, chochita chimadziwika: kutokosera thonje kapena kasanza m'mng'alu, kumata phula, kukhomapo kachigamba ka lata, mawa lake n'kubwerera pa nyanja. Koma masiku ano m'madoko a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota tikuonanso timaboti ta aluminiyamu. Boti lotere n'lopepuka, siliola, chiswe sichilidya, ndipo injini yaing'ono imalithamangitsa osamwa mafuta ambiri.

Vuto limabwera tsiku lomwe layamba kudontha. Ena timalimata phula ngati bwato, ena timathamangira nalo kwa owotcherera mafelemu a zitseko pa msika. Njira ziwirizi ndi zomwe zimafupikitsa moyo wa boti la aluminiyamu. M'nkhani ino tikambirana momwe tingapezere podontha penipeni, momwe tingadziwire mtundu wa vutolo, ndi kakonzedwe koyenera vuto lililonse.

Madzi a m'boti sachepa

Pali mawu omwe timawamva kawirikawiri pa doko: "Akulowa pang'ono, tizingokapa." Tiyeni tiwerengere limodzi. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Boti lomwe pansi pake n'potalika mamita 4, m'lifupi mita imodzi, likakhala ndi madzi ofika masentimita 10 okha, ndiye kuti lanyamula malita 400. Uku n'kulemera kofanana ndi matumba 8 a feteleza a makilogalamu 50. Kusiyana kwake n'kwakuti matumba amakhala pomwe mwawaika, pomwe madzi amathamangira mbali yomwe boti lapendekera. Funde limodzi la mwera likamenya m'nthiti, madzi onse aja amakhuthukira mbali imodzi, boti n'kugudubuzika.

Komanso munthu amene akukapa madzi sakoka chilimira, sagwira nkhafi. Ndipo podontha pa aluminiyamu sipadzitseka pokha. Thabwa likanyowa limafufuma n'kutseka kampata, koma aluminiyamu safufuma. Kamng'alu ka lero kamakula ndi funde lililonse.

Aluminiyamu si chitsulo cha khasu

Chitsulochi n'chomwe chija cha mapoto athu ophikira, ngakhale cha maboti chimasakanizidwa mwapadera kuti chilimbe m'madzi. Ogulitsa amachitchula ndi manambala ngati 5052 kapena 5083. Pali zinthu zitatu zoyenera kudziwa.

Choyamba, aluminiyamu ali ndi kakhungu kosaoneka ndi maso komwe kamapangika akangokhudzana ndi mpweya. Kakhunguka ndi komwe kamamuteteza kuti asadyeke msanga. Koma ndi komwenso kamalepheretsa guluu kugwira bwino ngati sitinapale pamalopo.

Chachiwiri, aluminiyamu amasungunuka pa madigiri pafupifupi 660, pomwe kakhungu kaja kamafuna kutentha kopitirira madigiri 2,000. Safiiranso akatentha ngati mmene chimachitira chitsulo cha khasu. Wowotcherera wosazolowera amadikira kuti aone kufiira, mwadzidzidzi n'kungoona pansi pa boti pagwa chibowo. Pajatu chitsulo cha maboti aang'ono ambiri sichifika n'komwe mamilimita 3.

Chachitatu, aluminiyamu sagwirizana ndi zitsulo zina. Akakhudzana ndi mkuwa kapena chitsulo wamba pamalo onyowa, zimakhala ngati kabatire kakang'ono, ndipo chomwe chimadyeka ndi aluminiyamuyo. M'madzi a nyanja yathu, poti si amchere, kudyekaku kumachedwa, koma kumachitika ndithu. N'chifukwa chake chigamba cha lata chokhomedwa ndi misomali chimaoneka ngati chathandiza chaka chino, chaka chamawa n'kupeza pozungulira chigambacho padzaza timabowo.

Pezani kaye podontha

Pomwe madzi adikha m'boti si pomwe alowera. Amatha kulowera kutsogolo, n'kuyenda pansi pa nthiti za boti, n'kukaonekera kumbuyo. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndiye ntchito iyi isachitike mothamanga.

Tulutsani boti kumtunda. Chotsani injini, thanki ya mafuta, batire, maukonde ndi matabwa apansi. Litsukeni ndi sopo mkati ndi kunja, liume. Kenaka likhazikeni pa mitengo kapena matayala akale, malo atatu kapena anayi, kuti munthu athe kusuzumira pansi pake. Onetsetsani kuti lakhazikika ndipo ana asalowe kunsi.

Thirani madzi mkati ofika masentimita 10 basi. Musalidzaze. Boti linapangidwa kuti lizikankhidwa ndi madzi kuchokera kunja, ndiye madzi ambiri mkati amatha kulipinda kapena kumasula mariveti omwe anali abwinobwino. Dikirani mphindi 20 kapena 30, kenaka yang'anani kunsi. Paliponse pomwe pakutuluka dontho, zungulizani ndi choko kapena maka. Musalembe ndi pensulo, chifukwa mtima wakuda wa pensulo nawonso umadya aluminiyamu pakanyowa. Mukatha pansi, pendeketsani boti mbali iyi kenaka inayo, kuti muyesenso m'nthiti ndi kumbuyo komwe timamangirira injini.

Njira ina ndi yoliumitsa mkati n'kuliika pa madzi m'mawa nyanja ili bata, anthu awiri n'kukhalamo. Mukawaza kaufa pang'ono m'mizere ya mariveti, pomwe panyowa msanga mpomwe pali vuto. Usiku, tochi yowala bwino mkati mwa boti imaonetsa timabowo kwa munthu amene wayima kunja.

Mukapeza malo onse, yang'anitsitsani kuti ndi vuto lanji mwa anayi awa: riveti yomasuka, mng'alu, timabowo ta kudyeka kwa chitsulo, kapena kung'ambika chifukwa cha mwala kaya chitsa. Lililonse lili ndi mankhwala ake.

Riveti yomasuka

Maboti ambiri aang'ono sanawotchereredwe, analumikizidwa ndi mariveti, timisomali ta aluminiyamu tokhala ndi mutu mbali zonse ziwiri. Kumenyedwa ndi mafunde komanso kunjenjemera kwa injini kumatimasula pang'onopang'ono. Riveti yomasuka imadziwika ndi kamzere kakuda kozungulira mutu wake, ndipo nthawi zina imazungulira mukaigwira ndi chala.

Ngati mutu wake uli wonse, ingoimangitsani. Apa mpofunika anthu awiri, paja mutu umodzi susenza denga. Mmodzi atsamiritse chitsulo cholemera, monga nyundo yaikulu, pa mutu wa riveti kunja kwa boti. Winayo amenye mbali yamkati ndi nyundo yaing'ono, katatu kapena kanayi, mosakhwimitsa dzanja. Cholinga n'chakuti riveti ifufume n'kudzaza bowo lake. Mukamenya mwaukali mupinda chitsulo cha boti kapena kuchita mng'alu watsopano. Mukamenya popanda wotsamiritsa kuseri, mukungowonjezera vuto.

Ngati mutu wadyeka, kapena yamangitsidwa koma ikudonthabe, ichotseni. Boolani pakati penipeni pa mutu mpaka mutuwo utathothoka, chotsalacho n'kuchigogoda kuti chituluke. Mariveti ambiri a maboti otere ndi a mamilimita 4.8. Bowo likakhala kuti lakula kapena latambasuka, liboolenso bwino n'kuikapo yokulirapo, ya mamilimita 6.4. Pakani chomatira m'bowo musanalowetse riveti yatsopano. Ikhale ya aluminiyamu, ndipo mbali yotulukira kuseri italike ngati kunenepa kwa rivetiyo kamodzi ndi theka, kuti ipange mutu wabwino mukamaimenya.

Pomwe dzanja silingafike kuseri, monga pansi pa mpando, timagwiritsa ntchito mariveti okoka ndi pulayala yake, omwe m'masitolo amati pop rivet. Apa chenjerani. Ambiri omwe amagulitsidwa n'ngobooka pakati, ndipo madzi amadutsa momwemo. Funsani otseka kumapeto. Mukawasowa, tsekani kabowo ka pakatipo ndi guluu wa epoxy, uja wosakaniza mitundu iwiri.

Mng'alu ndi kung'ambika

Ming'alu imakonda kubwera pafupi ndi nthiti za boti, pa msana wake pansi, ndi m'makona a kumbuyo komwe injini imakankha. Lamulo loyamba ndi ili: imitsani mng'alu usanaumate. Palani pamalopo kuti muone pomwe wathera, kenaka boolani kabowo ka mamilimita 3 kumapeto onse awiri. Ambiri amadabwa, eti kuboolanso boti lomwe likudontha kale? Inde. Mng'alu umayenda chifukwa nsonga yake n'njakuthwa, ngati mmene nsalu imapitirizira kung'ambika pomwe yayambira. Kabowo kozungulira kamaimitsa ulendowo.

Ngati chitsulo chapindika, chiwongoleni ndi nyundo, thabwa lolimba litatsamiritsidwa kuseri. Menyani pang'onopang'ono, chifukwa aluminiyamu akapindidwapindidwa amauma n'kuthyoka.

Tsopano dulani chigamba. Chikhale cha aluminiyamu wa pepala, chokhuthala mofanana ndi boti kapena kuposerapo pang'ono. Chidutswa cha boti lina lakufa n'chabwino kwambiri. Lata lofolera nyumba ayi. Chidutswa cha poto woumba uja wa pa msika ayinso, chifukwa n'chosachedwa kusweka. Chigamba chipitirire mng'alu ndi masentimita 4 kapena 5 mbali zonse, ndipo makona ake akhale obulungira kuti asakole maukonde kapena kuyambitsa mng'alu wina. Chipindeni kuti chigone bwino pa boti popanda mpata.

Boolani mabowo mozungulira chigamba, motalikirana masentimita awiri ndi theka, ndipo bowo lililonse likhale sentimita imodzi kuchokera m'mphepete. Yambani ndi mabowo awiri, mumangirire chigamba ndi timabawuti mongoyembekezera, kenaka muboole otsalawo pamodzi ndi boti kuti agwirizane. Mukatha chotsani chigamba, palani tizitsulo totsalira m'milomo ya mabowo.

Apa ndi pomwe ntchito imakomera kapena kuonongekera: kuyeretsa. Chotsani penti, phula lakale ndi mafuta onse. Palani ndi sandipepa wokhakhala, wa nambala 80, mpaka chitsulo chiwale, pa boti ndi pa chigamba pomwe. Ngati mukugwiritsa ntchito bulashi ya waya, ikhale ya chitsulo chosachita dzimbiri, yomwe sinapalepo chitsulo china. Pukutani ndi sipiriti pa kansalu koyera. Petulo ndi palafini ayi, zimasiya mafuta. Mukapukuta musagwirepo ndi manja, ndipo musapite kukadya nsima kaye. Matani nthawi yomweyo, kakhungu kaja kasanakhwime.

Chomatira chabwino pansi pa chigamba ndi cha polyurethane chopangira maboti, monga Sikaflex 291, chifukwa chikauma chimakhalabe chofewa ngati labala ndipo chimapindika limodzi ndi boti. Silikoni uja wa magalasi a mawindo, wonunkha ngati viniga, musamuyerekeze. Sagwira nthawi yaitali pansi pa madzi, ndipo pomwe wapakidwa, guluu wina sadzagwiraponso mpaka mutapala kwambiri. Pakani chomatira pa chigamba chonse, chigonekeni kunja kwa boti, ikani mariveti kuyambira pakati kupita kumapeto. Chomatira chikamatuluka pang'ono m'mphepete monse, ndiye kuti zagwirana. Pa malo ong'ambika kwambiri, ikani zigamba ziwiri, china kunja china mkati, mariveti n'kudutsa zonse.

Timabowo ta kudyeka

Mukaona timadontho toyera ngati ufa kapena mchere pa chitsulo, pansi pake pali tizenje. Limeneli ndiye dzimbiri la aluminiyamu. Tizenje tina timapyoza n'kukhala timabowo ngati ta singano.

Palani ufa woyerawo wonse mpaka mufike pa chitsulo chowala, ndi m'katikati mwa tizenjemo. Mukamata pamwamba pa ufa, kudyeka kumapitirira kunsi. Pukutani ndi sipiriti, sakanizani epoxy mofanana ndi mmene alembera pa paketi, pakani mokanikiza kuti alowe m'timabowo, mbali zonse ziwiri ngati n'kotheka. Sankhani epoxy wochedwa kuuma. Uja wa mphindi 5 n'ngofulumira koma salimba mofanana, makamaka pokhala m'madzi masiku onse. Gwirani ntchitoyi pamthunzi, chifukwa aluminiyamu akakhala padzuwa la mu Okutobala amatentha moti guluu amauma musanamalize kupaka.

Koma tinene zoona: ngati timabowo tadzaza malo aakulu kuposa chikhatho, kapena chitsulo chikubonyoka mukachikanikiza ndi chala chachikulu, epoxy yekha sakwanira. Pamenepo pafunika chigamba, kapena kudula malo onsewo n'kuikapo chitsulo chatsopano.

Nanga kuwotcherera?

Kuwotcherera aluminiyamu kumatheka, koma si kwa makina aja a ndodo omwe timawotcherera njinga ndi ngolo. Pamafunika makina a TIG kapena MIG, okhala ndi silinda ya mpweya wa argon, ndi waya wake wa aluminiyamu. Musanapereke boti, funsani mmisiri ngati ali ndi argon, ndipo akuonetseni ntchito ya aluminiyamu wopyapyala yomwe anagwirapo. Si mwano, ndi boti lanu.

Boti lomwe linapangidwa mowotcherera, likang'aluka pa mzere wowotcherera, pa msana kapena kumbuyo kwa injini, lipite kwa mmisiri wotere. Mng'alu wa kumbuyoku musaumate n'kungokhala, chifukwa mpomwe pamanyamula mphamvu yonse ya injini. Koma boti la mariveti, moto umatha kulionongeratu. Kutentha kumayenda msanga mu aluminiyamu, kumapsereza chomatira cha m'malumikizidwe, kumapinda chitsulo, mariveti oyandikana nawo n'kuyamba kudontha. Mumakonza pamodzi, n'kubwerako ndi podontha pasanu. Boti la mariveti, chigamba cha mariveti.

Moto usanayandikire boti, thanki ya petulo ndi mapaipi ake zikhale kutali, mkati mutsukidwe ndipo mupite mphepo. Pansi pa mipando ya maboti ambiri pali thovu louma lothandiza kuti boti liyandame likadzaza madzi. Thovulo limayaka ndipo utsi wake ndi woipa. Lichotsedwe powotcherera, koma libwezeretsedwe ntchito ikatha, chifukwa ndi lomwe mudzagwirire tsiku la tsoka.

Likabooka muli pakati pa nyanja

M'boti musasowe chokapira, chidutswa cha chubu cha tayala, kasanza, ndi phala lomata la mitundu iwiri monga Pratley Putty, lomwe limauma ngakhale ponyowa. Pa kabowo, kandani phalalo mpaka mtundu ukhale umodzi, likanikizeni pabowo n'kugwirizira. Pa malo ong'ambika, ikani chubu kapena sanza, tsamiritsani kathabwa, wina apondepo. Sunthani anthu ndi katundu kuti mbali yobookayo ikwere, chepetsani liwiro, lunjikani ku gombe lapafupi ngakhale si kwanu. Nsomba za usiku umodzi sizingafanane ndi moyo wa anyamata anayi. Ndipo zomwe mwamata pa nyanja n'zongofikira kumtunda. Mukafika, zichotseni mukonze bwinobwino.

Yesani musananyamule anthu

Chomatira chipatseni nthawi. Epoxy wochedwa amafuna tsiku lathunthu, ndipo zomatira za polyurethane zina zimatenga masiku angapo, mpaka sabata. Werengani pa paketi. Zikauma, thiraninso madzi mkati monga poyamba. Pakapanda dontho, liyeseni pafupi ndi gombe ndi injini kwa theka la ola, kenaka yang'ananinso. Pokhapo mpomwe munganyamule anthu kapena kupita kwakuya. Nthawi yabwino ya ntchito yonseyi ndi masiku omwe mwera watiletsa kulowa m'madzi, kapena nyengo yotseka nyanja, osati madzulo anzanu akukweza kale nyali m'maboti.

Zomwe zimadya boti mwakachetechete

Ambirife ndife asodzi komanso alimi, ndipo boti lomwelo ndi lomwe limanyamula katundu wa kumunda. Feteleza wotayikira pansi akanyowa amadya aluminiyamu. Simenti, laimu ndi phulusa lonyowa nazonso zimatero. Mankhwala opopera tomato okhala ndi kopa, aja obiriwira, ndi oopsa kwambiri pa chitsulochi. Yalani pulasitiki kapena matabwa pansi musanakweze matumba, ndipo mukatsitsa tsukani ndi madzi ambiri.

Musasiye m'boti mbedza, misomali, tizidutswa ta waya wa magetsi kapena mabatire a tochi akutha. Kawaya kamkuwa kogona pansi pa nthiti m'timadzi kwa miyezi kamasiya kabowo. Batire ya nyali kapena ya injini ikhale m'bokosi la pulasitiki kuti asidi asadonthere pansi, ndipo waya wobwerera apite ku batire, musagwiritse ntchito thupi la boti ngati waya. Matabwa onyikidwa m'mankhwala obiriwira oteteza chiswe ali ndi kopa, asagone pa aluminiyamu. Penti yapansi pa boti nayonso ikhale yopanda kopa.

Pokokera boti kumtunda, yalani mitengo yoti lizigudubuzikapo. Mchenga ndi sandipepa, tsiku ndi tsiku umadya mitu ya mariveti ndi msana wa boti. Injini isapose mphamvu yomwe boti linapangidwira, ndipo pa mafunde chepetsani liwiro. Mukaliika kumtunda, livundikireni kapena tsegulani potulutsira madzi kuti mvula isadikhemo.

Zida zomwe tatchulazi, choboolera, pulayala ya mariveti, nyundo ziwiri ndi lumo lodulira chitsulo, si zoti aliyense agule zakezake. Eni maboti a pa doko limodzi, kudzera ku komiti ya BVC kapena gulu lawo, atha kusonkherana n'kumabwerekana, mariveti ndi chomatira aliyense n'kumagula zake. Sabata ino, pezani tsiku limodzi, tulutsani boti, thiranimo ndowa zingapo za madzi, mugwade musuzumire kunsi muli ndi choko m'manja. Mukapeza mariveti awiri akudontha, imeneyo ndi ntchito ya ola limodzi ndi mnzanu.